Zitosi za Nkhuku, Malovu ndi Zitini: Mkwiyo wa Ochemerera Timu ya Richmond

M'chaka cha 2001 munthu wina wokonda timu ya Richmond, mumzinda wa Melbourne ku Australia, adafika ndi lole yodzaza zitosi za nkhuku nakhuthula katundu yenseyo pakhomo pa likulu la timuyo ku Punt Road. Munthuyo sadali mdani wa timu ai. Adali mmodzi wa anthu zikwizikwi amene amavala zachikasu ndi zakuda tsiku la masewero, ndipo zitosizo ndizo zidali kalata yake yopita kwa akuluakulu a timu. Chodabwitsa n'chakuti m'chaka chomwecho Richmond idasewera bwino koposa zaka zambiri za m'mbuyo, kotero kuti idangotsala ndi masewero amodzi kuti ikalimbirane chikho, pamene idagonja kwa Brisbane Lions.

Nkhani ya mkwiyo wa ochemerera anthu ambiri amaiweruza mofulumira. Alipo amene amati wochemerera weniweni sadandaula, ntchito yake ndi kuomba m'manja ngakhale timu ikugonja chaka ndi chaka. Aliponso amene amati munthu wolipira ndalama zake pachipata ali ndi ufulu wotukwana aliyense amene wamukhumudwitsa. Mbiri ya Richmond ya zaka 37 zopanda chikho, kuchokera mu 1980 kufikira mu 2017, ikutsutsa magulu onse awiriwa. Ochemerera adali nazo zifukwa zomveka zokwiyira, ndipo akadakhala chete timu ikadafa. Koma mkwiyo umene unkangofuna kuchotsa mphunzitsi nyengo iliyonse yovuta ndiwo udatalikitsa njala yomwe eni akewo ankaidandaula.

Poti masewero amenewa ndi achilendo kwa owerenga ambiri, nkoyenera kuwafotokoza pang'ono. Mpira wa malamulo a ku Australia udayambira ku Melbourne, kumene malamulo ake oyamba adalembedwa mu 1859. Mpirawo ndi wa maonekedwe a dzira, bwalonso ndi lalikulu lozungulira ngati dzira lomwe, ndipo mbali iliyonse imakhala ndi osewera 18. Wosewera amaloledwa kuugwira ndi manja, kuuponya poumenya ndi nkhonya, ndi kuumenya ndi phazi. Kumapeto kwa bwalo kumaimikidwa mitengo inayi. Mpira ukamenyedwa ndi phazi nudutsa pakati pa mitengo iwiri yaitali ya pakati, timu imalandira mapointi 6. Ukadutsa cha m'mbali, pointi imodzi yokha. Bungwe lalikulu la masewerowa linkatchedwa VFL, ndipo mu 1990 lidasintha dzina kukhala AFL.

Pali malamulo ena a bungweli amene munthu ayenera kuwadziwa kuti amvetse chifukwa chake ochemerera a kumeneko amapsa mtima chotero. Timu yokhala kumchira siitsitsidwa kupita m'gulu la pansi monga zimachitikira mu mpira wamiyendo. Anthu amangoinyoza kuti yalandira chipande, koma bungwe limaipatsa mwayi woyamba wosankha mnyamata waluso koposa mwa anyamata onse atsopano a m'dzikomo. Palinso malire a ndalama zimene timu ingalipire osewera ake onse pamodzi, kuti timu yolemera isagule aluso onse. Malamulowa adakonzedwa ndi cholinga chakuti timu iliyonse igwe kwa kanthawi ndi kudzukanso. Tsono timu ikakhala pansi zaka makumi awiri kapena atatu, wochemerera sangakhulupirire kuti ndi tsoka chabe. Amadziwa kuti pena pake pali anthu amene sakugwira bwino ntchito yawo. Ndiponso matimu akale a ku Melbourne, monga Richmond, eni ake ndi mamembala, amene amagula khadi la umembala chaka chilichonse navota posankha a komiti. Munthu wotere akamafunsa kuti zinthu zikuyenda bwanji, akufunsa za katundu wake.

Richmond, imene anthu amaitchanso Tigers, idakhazikitsidwa mu 1885 ndipo idalowa m'bungwe la VFL mu 1908. Nthawi ya ulemerero wake idali pamene a Tom Hafey ankaiphunzitsa: idatenga chikho mu 1967, 1969, 1973 ndi 1974. M'zaka zimenezo akuluakulu a timu adazolowera khalidwe lakuti wolephera achoke msanga, ndipo poti zikho zinkabwera, aliyense ankaliyamikira khalidwelo ngati nzeru. Ngakhale a Hafey amene adachoka kumapeto kwa 1976 ataona kuti ena mwa akuluakulu sakuwafunanso. Mu 1980 timu idatenganso chikho pogonjetsa Collingwood ndi mapointi 81, mphunzitsi ali a Tony Jewell. Patangopita chaka chimodzi a Jewell adachotsedwa ntchito. A Francis Bourke, amene adalowa m'malo mwawo, adafikitsa timu pa masewero otsiriza a 1982, nigonja kwa Carlton. Pofika kumapeto kwa 1983 nawonso adali atapita. Kenaka kudabwera a Mike Patterson chaka chimodzi, a Paul Sproule chaka chimodzi, a Jewell kachiwiri zaka ziwiri, ndi a Kevin Bartlett, katswiri wamkulu wa timuyo, amene atachotsedwa mu 1991 adakhala zaka zoposa khumi osafuna kuponda ku Punt Road. Kuwerenga kuchokera mu 1982 kufikira mu 2009, timu idadutsa m'manja mwa aphunzitsi 12. Si onse amene adachita kuthamangitsidwa, pakuti ena adachoka okha, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene adakhalitsa kufikira mbewu zake zitacha.

Pa nthawi yomweyo akuluakulu adalowa m'nkhondo yolandana osewera ndi Collingwood. Akatswiri monga David Cloke ndi Geoff Raines adapita ku Collingwood, ndipo Richmond pofuna kubwezera idamwaza ndalama zambiri pogula osewera amene sadaithandize kwenikweni. Walira mvula walira matope: pofika mu 1990 timu idali itamira m'ngongole, italandiranso chipande kawiri, mu 1987 ndi mu 1989.

Apa ndi pamene ochemerera adaonetsa mtundu wina wa mkwiyo umene suyenera kuiwalika. M'chaka cha 1990 pulezidenti wa timu, a Neville Crowe, adalengeza kuti pakufunika madola a ku Australia 1 miliyoni pasanathe mwezi wa Okutobala, apo ayi timu itsekedwa. Anthu omwe aja amene ankatukwana m'bwalo adatenga zitini naima m'mphambano za misewu ya Melbourne kupempha makobidi kwa odutsa, pa ntchito imene idatchedwa Save Our Skins. Ndalamazo zidakwana. Wofuna kudziwa chimene chikadachitika zitinizo zikadapanda kudzaza ayang'ane Fitzroy, timu ina yakale ya mumzinda womwewo, imene ngongole zidaigwetsa mu 1996 niphatikizidwa ndi Brisbane Bears, kutali kumpoto. Masewero otsiriza a Fitzroy mu Melbourne idasewera ndi Richmond yomweyi, nigonja ndi mapointi 151, ochemerera ake akulira misozi poyera. Iwo sadakhalenso ndi timu ya mumzinda mwawo yoti aikwiyire.

Timu itapulumuka, kudayamba chizunzo cha mtundu wina, chimene mwina chimapweteka koposa kukhala kumchira. Kuyambira mu 1994, matimu asanu ndi atatu a pamwamba ndiwo ankalowa m'ndime yolimbirana chikho. Richmond idamaliza pa nambala 9 mu 1994, mu 1996, mu 1998, mu 2000, mu 2006 ndi mu 2008. Kasanu ndi kamodzi idafika pakhomo nipeza chitseko changotsekedwa kumene, mpaka a matimu ena adaipeka dzina lachipongwe kuchokera ku nambala imeneyo. M'zaka makumi atatu za pakati pa 1983 ndi 2012 idalowa m'ndimeyo kawiri kokha, mu 1995 ndi mu 2001. Mwana amene adabadwa chaka cha chikho cha 1980 adakula, nakwatira, nabereka ana ake, akumvabe za zikho kwa atate ake ngati nthano ya padangokhala. Ndani angamdzudzule munthu wotere akadandaula?

Madandaulo ena adali ndi umboni wooneka ndi maso. Posankha anyamata atsopano mu 2004, Richmond idali ndi mwayi woyamba ndi wachinayi. Pa mwayi wachinayi idatenga Richard Tambling. Hawthorn, imene idali yachisanu, idatenga Lance Franklin, amene pambuyo pake adamwetsa zigoli zoposa 1,000 m'moyo wake wa masewero. Kulakwitsa kotere kumachitikira timu iliyonse kamodzikamodzi, ndipo si bwino kusenzetsa mnyamata wosankhidwayo mlandu wa amene adamsankha. Koma kukamachitika kawirikawiri kumasonyeza kuti ofesi yofufuza anyamata aluso njofooka, ilibe anthu okwanira kapena ndalama zokwanira. Limeneli ndilo funso limene mamembala adayenera kulifunsa mokweza pa misonkhano yawo. Ambiri sadalifunse, chifukwa wofufuza anyamata saoneka pabwalo. Amene amaoneka ndi mphunzitsi.

M'chaka cha 2004 chomwecho, timu itagonja moipa, munthu wina wa m'gulu la ochemerera adalavulira a Danny Frawley, mphunzitsi wa timu, pamene ankatuluka m'bwalo ndi osewera awo. Awa ndi a Frawley omwe aja amene zaka zitatu zokha m'mbuyomo adafikitsa timu pafupi ndi masewero otsiriza. Timu idagonja masewero 14 otsatizana kumapeto kwa nyengoyo nilandira chipande, ndipo a Frawley adachoka. Patapita zaka, iwo adalankhula poyera za matenda a maganizo amene adalimbana nawo, nalimbikitsa amuna anzawo kuti asabise mavuto otere. Adamwalira mu Sepitembala 2019. Palibe munthu amene angaweruze kuti chidawadwalitsa n'chiyani, ndipo nkhani ino sikuyesa kutero. Chimene chili chodziwika n'chakuti malovu aja sadamwetse chigoli ndi chimodzi chomwe, ndipo adagwera pa munthu wa banja lake, amene adagwira ntchito yake monga momwe adathera.

A Terry Wallace adabwera mu 2005 ndi lonjezo la dongosolo la zaka zisanu, ndipo adachoka pakati pa chaka chachisanu timu isadalowepo m'ndime yolimbirana chikho ngakhale kamodzi. Ochemerera amawakumbukira ngati wolephera, ndipo zotsatira za masewero zikuvomereza. Komabe ndi m'nthawi yawo m'mene timu idasankha Jack Riewoldt mu 2006, ndi Trent Cotchin ndi Alex Rance mu 2007, anyamata amene adadzakhala mizati ya timu yotenga chikho. Dustin Martin adasankhidwa kumapeto kwa 2009. Mnyamata wa zaka 18 amafuna zaka zisanu kapena kuposerapo kuti akhwime m'masewero a mphamvu ngati amenewa, motero wobzala kawirikawiri amakhala atachotsedwa kale pamene zokolola zikulowa m'nkhokwe.

Kusintha kwenikweni kudayamba mwakachetechete, m'ofesi. A Brendon Gale, amene kale adali wosewera wa timuyo, adakhala mkulu woyendetsa ntchito mu 2009, ndipo mu 2010 adaika poyera zimene ankafuna: kuthetsa ngongole yonse, kufikitsa mamembala pa 75,000, ndi kutenga zikho zitatu pofika mu 2020. Anthu adawaseka, ndipo kuseka kwake kudali komveka, pakuti mphunzitsi watsopano, a Damien Hardwick, adagonja masewero awo oyamba asanu ndi anayi otsatizana m'chaka chomwecho. Koma ochemerera adapemphedwanso kusonkha ndalama, nasonkha, ngongole nitha. Mu 2013 Mai Peggy O'Neal, loya wobadwira ku America, adakhala pulezidenti wa timu, mai woyamba kutsogolera timu ya m'bungwe la AFL.

Mayeso aakulu a utsogoleri umenewu adadza pambuyo pake. Timu idalowa m'ndime yolimbirana chikho mu 2013, 2014 ndi 2015, ndipo katatu konse idagonja pa masewero oyamba. Kugonja kwa 2013 kudali kowawa mwapadera: Richmond, imene idazunzika zaka zambiri ndi nambala 9, idatulutsidwa ndi Carlton, timu imene idalowa m'ndimeyo kokha chifukwa Essendon idachotsedwamo ngati chilango. Mu 2016 zinthu zidaipiratu. Timu idapambana masewero 8 okha mwa 22, nimaliza pa nambala 13, ndipo pa masewero otsiriza Sydney idaikwapula ndi mapointi 113. A Hardwick adali atatha zaka zisanu ndi ziwiri osapambanapo masewero amodzi a ndime yolimbirana chikho. Mwa mwambo wakale wa ku Punt Road, akadayenera kuchoka kalekale. Gulu la mamembala lotchedwa Focus on Footy lidadzuka kufuna kuchotsa a komiti, ndipo mawayilesi a ku Melbourne adadzaza ndi mau a anthu opsa mtima.

Mai O'Neal ndi a Gale adakana kuchotsa mphunzitsi. Pamenepa ndi pofunika kusamala, chifukwa anthu ena posimba nkhaniyi amangoti akuluakulu adadekha ndipo kudekhako kudabala chikho, ngati kuti adangokhala pansi manja ali m'thumba. Sizidali choncho. Adafufuza ntchito yonse ya mpira m'timumo, nasintha angapo mwa othandiza mphunzitsi, naitana a Neil Balme, munthu wodziwa kuyendetsa matimu opambana, kuti ayang'anire mbali yonse ya masewero. Adalola Brett Deledio, mmodzi wa osewera okondedwa koposa, kupita ku Greater Western Sydney, natenga Dion Prestia, Josh Caddy ndi Toby Nankervis. A Hardwick eni ake adasintha kaseweredwe ka timu, nasiya kachitidwe kochedwa kopatsirana mpira mosamala, nayamba kudalira anyamata othamanga opanikiza adani mosalekeza. Akuluakulu adamva mkwiyo wa mamembala nauyankha, koma adauyankha pa malo pamene padali nthenda. Ndipo nkokayikitsa ngati akadafufuza mozama chotero mamembala akadakhala phee.

Pa 30 Sepitembala 2017, pamaso pa anthu 100,021 pa bwalo la MCG, Richmond idagonjetsa Adelaide ndi mapointi 108 kwa 60 nitenga chikho. Dustin Martin adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa tsikulo, atalandira kale mendulo ya Brownlow ya wosewera wopambana m'chaka chonse. Mu 2018 timu idakhala yoyamba m'bungwe lonse kufikitsa mamembala 100,000. Idatenganso chikho mu 2019 pogonjetsa Greater Western Sydney ndi mapointi 89, ndi mu 2020 pogonjetsa Geelong ku Brisbane, kumene masewero otsiriza adasamutsidwira chifukwa cha mliri wa korona. Zikho zitatu zimene a Gale adasekedwa nazo zidakwana m'chaka chomwe adanena.

Wina angatsutse kuti chitsanzo chimodzi si lamulo, ndipo akunena zoona. Geelong idachitanso chimodzimodzi mu 2006, pamene idafufuza ntchito ya a Mark Thompson nkuwasunga, ndipo mu 2007 idatenga chikho choyamba kuchokera mu 1963. Koma Carlton idapirira a Brendon Bolton m'chaka cha 2018, m'mene timu idapambana masewero awiri okha, ndipo kupirirako sikudabale kanthu. Adachotsedwa pakati pa 2019. Ochemerera St Kilda, amene timu yawo idatenga chikho mu 1966 ndi pointi imodzi, adutsa zaka zoposa makumi asanu akuuzidwa kuti adikire. Mau akuti dekhani amatha kukhala chobisalira cha akuluakulu aulesi, ndipo membala amene amawalandira popanda kufunsa kuti tikudikira chiyani, kufikira liti, ndipo tidzadziwa bwanji kuti tikuyandikira, amathandiza ulesiwo. Chimene chidasiyanitsa a Gale ndi anzawo akale n'chakuti adatchula manambala ndi zaka, kotero kuti membala aliyense akadatha kuwagwira pa mau awo. Lonjezo lotere limapatsa mkwiyo chinthu choyezera. Popanda lonjezo lotere, mkwiyo umangofunafuna nkhope yoti uigwere, ndipo nkhope yapafupi ndi ya mphunzitsi kapena ya mnyamata amene waphonya chigoli.

Gudumu la malamulo a AFL lidazunguliranso monga lidakonzedwera. A Hardwick adatula pansi udindo mu Meyi 2023, nanena kuti achita zonse zimene akadatha, ndipo pambuyo pake adakaphunzitsa Gold Coast. Mu 2024, chaka choyamba cha a Adem Yze, Richmond idapambana masewero awiri okha mwa 23 nilandira chipande. Dustin Martin adapuma pa masewero. Shai Bolton, Daniel Rioli, Liam Baker ndi Jack Graham adapita ku matimu ena. A Gale nawo adachoka kukakonza timu yatsopano ya ku Tasmania. Posinthana ndi osewera opitawo timu idapeza mwayi wosankha anyamata angapo aluso kumapeto kwa 2024, woyamba mwa onse m'dziko ali Sam Lalor. Mu 2025 anyamatawo adapambana masewero asanu, timu nimaliza pa nambala 17 mwa matimu 18. Ambiri mwa ochemerera amene adaonerera masewero amenewo adali ana kapena adali asadabadwe pamene zitosi zinkakhuthulidwa ku Punt Road, ndipo chimene adachizolowera ndi zikho zitatu m'zaka zinayi. Ngati mnyamata wa zaka 18 afunadi zaka zisanu kuti akhwime, osankhidwa a 2024 adzafika pa msinkhu wawo cha m'ma 2029, ndipo kufikira nthawi imeneyo a komiti adzafunika kupita kwa mamembala chaka chilichonse kukawapempha kuti agulenso makhadi.